Koma pafoni yanga ikuyenda

Kwa amene simunabwere Loweruka lapitali, nawa mawu amene anatiyankhula mkulu wathu wina, yemwe anali membala wa kalabu ino zaka zapitazo ndipo pano amalemba mapulogalamu. Tawalemba kuchokera pa zimene tinajambula pafoni, tangochotsamo phokoso ndi kuseka.

Ndikuona nkhope zambiri zatsopano, kusonyeza kuti ndakula. Nthawi yathu tinkakhala pamabenchi omwewa, laputopu imodzi anthu asanu ndi atatu, wina agwire mausi, wina kiyibodi, enafe kumangolozera ndi chala.

Mwandipempha kuti ndikambe za kuyesa pulogalamu pa mafoni ndi makompyuta osiyanasiyana pamene m'thumba muli gwa. Ndifika kumeneko. Koma ndiyambe ndi manyazi anga, chifukwa zambiri zimene ndinene lero ndinaziphunzira tsiku limodzi, ndipo amene anandiphunzitsa sadziwa ngakhale kuti JavaScript n'chiyani.

Azakhali anga ndi msungichuma wa banki m'khonde, gulu la amayi 24. Masheya, ngongole, chiwongoladzanja, chindapusa cha ochedwa, zonse zinkalembedwa m'kope lachikuto cholimba. Ine nditangophunzira kulemba khodi, mutu unakula. Ndinapita kukawauza kuti, "Azakhali, kope limeneli tsiku lina lidzanyowa kapena chiswe chidzalidya. Ndikupangirani ka apu." Sikanali ka pa Play Store ayi, kanali katsamba kotsegula mu browser. Ndinakagwirira miyezi itatu. Ndinakayesa palaputopu yanga mu Chrome, bwinobwino. Pafoni yanga, bwinobwino. Lamlungu lililonse azakhali ankandijambulira tsamba la kope n'kunditumizira pa WhatsApp, ine n'kulowetsa manambala. Muone pamenepo: chaka chonse, munthu amene ankatsegula apuyo anali ine ndekha. Pofika pakati pa chaka alembi a gulu anasiya kuwonkhetsa m'kope, amvekere, "Paja kompyuta ya mwana uja ikuwerengera."

Tsiku logawana ndalama mu December, ine ndinali kutali, kuganyu. Ndinangotumiza linki. Amayi akhala pamkeka, ndalama zili pakati, aliyense akuganiza za feteleza wobereketsa ndi fizi ya January. Azakhali kudina linki, sikirini yoyera mbuu, ngakhale chilembo chimodzi. Anayesa foni ya mayi wina, imene imatsegula masamba ndi Opera Mini. Mutu wa tsamba unaoneka, mizere ya tebulo inaoneka, manambala kulibe. Anaitana mtsikana wina amene ali ndi iPhone yakale yochokera kwa achimwene ake ku Joni. Pamenepo mayina anabwera, koma pa madeti panalembedwa Invalid Date, ndipo pa chiwongoladzanja panali zilembo zitatu, NaN. Mayi wina anafunsa kuti NaN-yo ndi ndani, walowa liti m'gulu.

Mukuseka, koma pakhonde paja panalibe woseka. Anthu anayamba kunong'onezana kuti ndalama zalowa mufoni, ndipo mwini foni ndi mwana wa mchimwene wake wa msungichuma. Azakhali anandiimbira mawu akunjenjemera. Ine yankho langa, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu munalinenapo kale: "Koma pafoni yanga ikuyenda." Iwo anakhala kaye chete, kenaka amvekere, "Ndiye foni yakoyo ndi membala wa gulu lino?"

Tinamaliza dzuwa litalowa, ine ndikuwerenga manambala pafoni dzina ndi dzina, alembi akulemba pamanja, mayunitsi kutha kawiri. Ndalama zinakwana ndendende. Komabe chaka chotsatira amayi awiri sanabwererenso m'gulu, ndipo panapita nthawi azakhali asanayambenso kuyenda momasuka pamsika.

Nditakhala pansi kufufuza, zimene ndinapeza zinandipweteka chifukwa cha kuchepa kwake. Sikirini yoyera ija inabwera ndi tizizindikiro tiwiri, chofunsira ndi kadontho, timene timalembedwa pamodzi mu JavaScript pofuna kupewa error ngati chinthu kulibe. Chrome inayamba kutimva pa version 80, m'chaka cha 2020. Browser ya pafoni ya azakhali inali yakale kuposa pamenepo, chifukwa kuyambira tsiku limene anagula foniyo sinalandirepo update. Update imadya bandulo, komanso foni inali yodzaza ndi mavidiyo a kwaya. Ndiye browser ikakumana ndi kalembedwe kamene sikukadziwa, sidumpha mzere umenewo n'kupitiriza ayi, imakana fayilo yonse. Opera Mini nayo ili ndi khalidwe lake: ikakhala pa Extreme, tsamba limayamba ladutsa kumaseva a Opera, kumeneko n'kulipanikiza kuti lisadye data, ndipo JavaScript imangopatsidwa kamphindi kochepa. Tsamba langa linkadalira JavaScript kuti ikatenge manambala, choncho anafika mafupa okhaokha. Pa iPhone vuto linali mpata umodzi. Deti ndinkalilemba chaka, mwezi, tsiku, kenaka mpata, kenaka nthawi. Chrome imalandira zimenezo. Safari yakale imafuna chilembo T pamalo pa mpatawo, ndipo ikapanda kuchiona imati deti limeneli sindikulidziwa. Chiwongoladzanja chinkawerengedwa ndi masiku, ndiye deti likafa, masamu onse afa.

Palibe foni imene inalakwa pamenepa. Wolakwa ndinali ine.

Tsopano mumve chinthu chimodzi chimene chingakupulumutseni ntchito yambiri. Ma browser ndi ambiri mayina, koma mainjini amene ali mkati mwake ndi atatu basi. Chrome, Edge, Brave, Samsung Internet ndi Opera yapakompyuta, onsewa injini yawo ndi imodzi, Blink. Firefox ili ndi yake, Gecko. Safari ili ndi WebKit. Ndiye wina akabwera n'kunena kuti ndayesa pa Chrome, pa Edge ndi pa Brave, ameneyo wakwera minibasi imodzi katatu, angosintha kondakitala. Komanso pa iPhone za kuno kwathu, ngakhale utaikapo Chrome, mkati mwake ndi WebKit yomweyo. Kusiyana kwenikweni kuli pa injini, pa zaka za injiniyo, ndi pa mphamvu ya chipangizo chimene ikuyendapo.

Makampani akuluakulu ali ndi zipinda zodzaza mafoni, kapena amalipira madola mwezi ndi mwezi kuti abwereke mafoni pa intaneti. Ife tilibe. Koma tili ndi mwayi umene iwo alibe: anthu amene adzagwiritse ntchito pulogalamu yathu timawadziwa ndi mayina, timadya nawo nsima. Iwo amayesa mafoni mazanamazana chifukwa sakudziwa kuti kasitomala abwera ndi iti. Ife tikhoza kungopita kukafunsa.

Ndi zimene ndinachita mu January. Ndinatenga kope, inde kope, n'kupita pamsonkhano wa gulu. Foni iliyonse ndinalemba mtundu wake, Android yake ndi nambala chani, browser imene mwini wake amatsegula, version ya browseryo, RAM, ndi malo otsala. Pa amayi 24, a mafoni a tachi anali 9 okha. Otsalawo mabatani. Pa 9 amenewo, ambiri anali itel ndi Tecno, ena a Android Go, imene Google inapangira mafoni a RAM yochepa. Funso limene linandithandiza kuposa onse linali lakuti, "Mumagula bandulo yanji?" Ambiri anati ya WhatsApp. Munthu wa bandulo ya WhatsApp linki yako aiona ndithu, koma akaidina siitseguka, ngakhale khodi yako italembedwa ndi mngelo. Chomwecho ndinasintha nzeru yonse: apu ikhale ya msungichuma ndi alembi okha, ena onse alandire chidule chawo ngati uthenga wamba.

Mukatha kalembera ameneyu musankhe mafoni atatu: yofooka kuposa onse, yofala kuposa onse, ndi yachilendo kuposa onse. Yofookayo ndiyo bwana wanu. Ikayenda pamenepo, kwinako nthawi zambiri sikuvuta. Ine ndinkachita zosemphana, kupangira foni yabwino n'kumayembekezera kuti zinazo zitsatira.

Za zida zaulere zapalaputopu ndidutsa mwachangu, chifukwa ambiri mukuzidziwa. Mu Chrome dinani F12. Muli kabatani kosandutsa tsamba kukhala saizi ya foni, muli posankha kuti netiweki ikhale ya 3G kapena izimiretu, mulinso pochepetsa liwiro la purosesa kanayi kapena kasanu ndi kamodzi. Zigwiritseni ntchito tsiku lililonse. Koma musanamizike: chimene chasintha ndi kukula kwa zenera, injini ndi Chrome yanu yatsopano yomwe ija. Mukasankha iPhone pamndandanda umenewo simunayese Safari, mwangoveka Chrome malaya a iPhone. Ikani Firefox, ndi yaulere. Musanagwiritse ntchito kalembedwe katsopano kamene mwakaona pa YouTube, kafufuzeni pa caniuse.com, pamaonetsa browser iliyonse ndi version imene inayamba kukamva. Ndikanachita zimenezo, mphindi imodzi yokha, sikirini ya azakhali sikanayera. Ndipo zida monga Babel kapena esbuild zimatha kutembenuza khodi yanu kuti imveke kwa ma browser akale, bola muziuze kuti zitsike mpaka pati.

Emulator ya Android Studio ndi yaulere, koma ndinene chilungamo, sindiikonda kwa anthu ngati ife. Kuitsitsa kokha ndi magigabaiti, ndipo pamafunika laputopu ya RAM yambiri. Pa ya 4GB imalira ngati chigayo cha dizilo, inu kudikira mphindi khumi kuti foni yabodza iyake. Ngati mukuifuna, mmodzi atsitse pamene pali WiFi, enanu mutengere pa flash. Koma foni yeniyeni yakale imaposa emulator kutali. Pitani kwa okonza mafoni kumsika. Ali ndi makatoni a mafoni osweka galasi, ofooka batire, amene eni ake anawasiya kalekale. Bola iyake ndipo tachi igwire. Yanga yoyamba ndinaipeza posinthana ndi ntchito, ndinamukonzera mkuluyo laputopu, iye n'kundipatsa mafoni awiri, ndipo tinayamba tafufuta zonse za eni ake akale ndisanachoke nawo.

Foni yotereyi mukaipeza, lowani mu Settings, About phone, dinani pa Build number kasanu ndi kawiri. Mutsegukira Developer options, m'menemo yatsani USB debugging. Lumikizani ndi kebulo kulaputopu, mu Chrome lembani chrome://inspect, ndipo muona ma error a tsamba limene latsegulidwa pafonipo, mzere wake weniweni. Tsiku limene ndinachita zimenezi koyamba, vuto limene linanditayitsa ulemu pakhonde linaoneka m'masekondi asanu, lofiira, pamzere woyamba. Palinso kapulogalamu kaulere kotchedwa scrcpy, kamene kamaonetsa sikirini ya foni palaputopu, ndiye ngakhale galasi lili ndi ming'alu ngati munda wa chilala, inu mukuona bwino.

Mbali yovuta ndi ya Apple. Simulator ya iPhone imabwera ndi Xcode, ndipo Xcode imayenda pa Mac pokha. Njira zilipo zitatu, zonse zopunduka pang'ono. Yoyamba ndi Playwright, chida chaulere cha Microsoft, chimene chimatsegula tsamba lanu mu Chromium, Firefox ndi WebKit, ngakhale pa Windows kapena Linux, n'kudina mabatani chokha monga mwachiuzira. WebKit imeneyo si Safari ya pa iPhone ndendende, komanso ndi yatsopano, ndiye matenda a Safari yakale siwagwira onse, koma ndi pachibale. Yachiwiri ndi GitHub Actions. Mukakankha khodi, GitHub imakubwerekani kompyuta ya Ubuntu, ya Windows kapena ya Mac kuti iyendetse mayeso anu. Khodi yanu ikakhala yoonekera kwa aliyense simulipira. Ikakhala yobisa amakupatsani mphindi 2,000 pamwezi, koma chenjerani, mphindi imodzi ya Mac imadya pafupifupi khumi za Linux. Ubwino wina ndi wakuti kutsitsa zinthu zolemera kumachitikira kwa iwo, bandulo yanu imangonyamula khodi ndi zotsatira. Yachitatu ndi imene ndimagwiritsa ntchito kwambiri: kubwereka. Mpingo uliwonse uli ndi munthu wa iPhone. Mugulireni fanta, mphindi makumi awiri zikukwanani.

Kulinso mafoni obwereka pa intaneti. Samsung ili ndi Remote Test Lab, Firebase Test Lab imapereka mayeso ochepa aulere patsiku, BrowserStack imathandiza mapulojekiti a open source. Yesani, n'zothandiza. Kungoti mafoni amenewo akhala m'chipinda chozizira bwino, netiweki yamphamvu, magetsi osathima, memory yopanda kanthu, ndipo ambiri ndi mitundu imene imagulidwa ku Ulaya ndi ku America. Foni ya azakhali anga yagona m'chitenje tsiku lonse padzuwa, batire ili pa 9, netiweki ndi kamzere kamodzi. Zimenezo palibe labu imene ingakubwerekeni.

Amene mukupangira masukulu, zipatala zazing'ono kapena mashopu, musaiwale makompyuta. Maofesi ambiri akadali ndi Windows 7, imene Microsoft inasiya kuisamala mu January 2020, ndipo Chrome yomaliza kuyenda pamenepo ndi 109, ya kumayambiriro kwa 2023. VirtualBox ndi yaulere, mukhoza kuikamo Ubuntu kapena Windows ina mkati mwa laputopu yanu. Ndipo pali msampha umene umagwira aliyense kamodzi: pa Windows, Logo.png ndi logo.png ndi fayilo imodzi, pa Linux ndi mafayilo awiri. Seva zambiri ndi za Linux. Chithunzi chimaoneka kwanu, mukakweza chasowa, inu n'kumatukwana intaneti.

Tsopano ndikhazikike pa zimene simungazipeze m'maphunziro a pa YouTube, chifukwa owapanga salemba Chichewa.

Choyamba ndi kachizindikiro ka mu ng'ombe, ng'oma, m'mudzi. Mayina athu ambiri ali nako. Mukalemba khodi ya database mosasamala, kumangolumikiza mawu a munthu ku SQL, dzina ngati Ng'ambi limathyola funso lonse, ndipo khomo limene dzinalo lathyola ndi lomwe akuba amalowera. Gwiritsani ntchito ma parameter, nkhani yatha. Koma pali china chobisika. Kuyambira iOS 11, kiyibodi ya iPhone imasintha kachizindikiro kowongoka kukhala kopindika, pamene makiyibodi ambiri a Android ndi a laputopu amalemba kowongoka. Kumaso n'zofanana, kwa kompyuta ndi zilembo ziwiri zosiyana. Alembi alembetsa membala pa iPhone, msungichuma akumufufuza pa itel, apu ikuti munthuyu kulibe. Inetu zinandichitikira, ndinatsala pang'ono kulembetsa mayi mmodzi kawiri. Mankhwala ake ndi kusandutsa tizizindikiro tonse kukhala kamodzi musanasunge komanso musanafufuze.

Chachiwiri ndi ŵ, w wa kachipewa, amene ena amalemba mu Malaŵi ndipo anzathu a Chitumbuka amamugwiritsa ntchito kwambiri. Mukatulutsa fayilo ya CSV mu UTF-8 n'kuitsegula mu Excel pa Windows, kawirikawiri mupeza MalaÅµi. Excel imafuna kachizindikiro kotchedwa BOM kumayambiriro kwa fayilo kuti izindikire. Excel yomweyo ikaona nambala ya foni yoyamba ndi 0 imameza ziro uja, poganiza kuti ndi masamu. Ndiye ngati pulogalamu yanu imatumiza SMS, mvetserani bwino, apa pali ndalama. SMS imodzi imanyamula zilembo 160, koma pokhapokha zonse zili pamndandanda wakale wa GSM. Mukalowa ŵ mmodzi yekha, kapena kachizindikiro kopindika kaja, kapena emoji, uthenga wonse umasintha kanyamulidwe ndipo malire amatsika kufika pa 70. Uthenga umene mumayesa ndi umodzi wasanduka itatu. Kuchulukitsa ndi mamembala onse, mwezi ndi mwezi, muona kumene mayunitsi akupita.

Chachitatu, mawu athu ndi aatali. Interest ndi zilembo 8, chiwongoladzanja ndi 16. Batani limene munalijambula mu Chingerezi likavala Chichewa limang'ambika. Onjezerani kuti amayi ambiri anakulitsa zilembo mu Settings chifukwa cha maso. Yesani pasikirini yaing'ono, zilembo zili pa saizi yaikulu, mutatuluka panja masana. Utoto wotuwa pa zoyera umene umaoneka waukhondo m'chipinda, padzuwa la October suoneka n'komwe.

Chachinayi, kalembedwe ka ndalama. Munthu akafuna kulemba zikwi zisanu alemba 5000, wina 5,000, wina K5,000, malinga ndi kiyibodi imene foni yake yamutulutsira. Mu JavaScript, parseFloat ikalandira 5,000 imabweza 5. Osati error ayi, 5, mwakachetechete. Ikalandira K5,000 imabweza NaN uja amayi ankamufunsa. Kwa ine 5 ndi woopsa kuposa NaN, chifukwa NaN amaoneka. Ndipo amene muli ndi abale kumalire, foni imene yaikidwa Chipwitikizi imalemba koma pamene ife timaika kadontho. Nthawi nayonso: seva zambiri zimayendera UTC, ife tili patsogolo ndi maola awiri, ndiye ndalama yolowetsedwa 1 koloko usiku pa 1 imalembedwa kuti ndi ya mwezi watha.

Kupatula chipangizo, yesaninso mavuto a moyo. Dinani Sungani, kenaka zimitsani data pakati. Chachitika n'chiyani? Dinani kawiri mofulumira, monga amachitira munthu aliyense netiweki ikamachedwa. Kwa ine sheya inkalowa kawiri. Imbirani foniyo munthu ali pakati polemba fomu, muone ngati zimene analemba zikhalapobe, chifukwa foni ya RAM yochepa imapha tsamba mukangotuluka. Bwezani deti la foni kumbuyo zaka zingapo, monga zimachitikira mafoni ena batire ikachotsedwa, muone browser ikukana tsamba lanu kuti si lotetezeka. Kanizani chilolezo cha kamera kapena cha notification, paja kuyambira Android 13 apu imayenera kupempha isanatumize notification. Zonsezi ndi zaulere, zimangofuna nkhanza pang'ono pa ntchito yako yomwe.

Amene mukupanga APK, dziwani kuti kuno apu siyenda pa Play Store pokha. Imayenda pa Xender, pa Bluetooth, pa WhatsApp. Version imene munaikonza mu March ikhala ikuzungulirabe mu November. Lembani nambala ya version poonekera, pansi pa tsamba loyamba, kuti munthu akakuimbirani funso loyamba likhale, "Pansipo palembedwa nambala yanji?" Ndipo seva yanu muiyese ndi APK yakale musanasinthe kanthu.

Simungayese chilichonse pafoni iliyonse, musadzivute. Lembani njira zisanu zimene zikafa ndiye kuti pulogalamu yafa. Kwa ine ndi kulowa, kulemba sheya, kulemba ngongole, kubweza ngongole, ndi kuonetsa chidule cha munthu. Jambulani tebulo, njira zisanu m'mbali, mafoni atatu pamwamba, mabokosi 15. Musanatulutse version yatsopano, chongani onse ndi dzanja. Zimanditengera mphindi 40. Zokongoletsa zikapindika pafoni ina, zisiyeni, mudzakonza.

Kenaka perekani foni kwa mwini ntchito, inu manja kumbuyo, pakamwa tseke. Apa ndi povuta kuposa ponse. Azakhali anayang'ana tsamba langa kwa mphindi yathunthu osadina kanthu, ine thukuta kuti ndiwalozere. Kenaka anafunsa, "Timizere titatu iti n'tachani?" Menyu yonse ndinaibisa kuseri kwa timizere timene ine ndinkayesa kuti dziko lonse limatidziwa. Pano pali mabatani anayi aakulu, olembedwa mawu.

Mawu awiri a ulemu pa mafoni obwereka. Foni ya munthu muli Airtel Money kapena Mpamba wake, muli zithunzi zake, muli mauthenga ake. Yesani iye ali pompo akuona. Mukayatsa USB debugging, muzimitse musanabweze. Data imene mwadya mubweze, ngakhale atakana kamodzi mwaulemu. Ndipo poyesa musagwiritse ntchito mayina ndi ngongole zenizeni za anthu. Pekani mayina, koma mupeke ovuta: lina la kachizindikiro, lina la ŵ, lina lalitali kwambiri. Ngongole ya mayi wina ikatsalira mu browser ya foni ya mnzake, mudzi wonse udziwa lisanalowe dzuwa.

Wina anandifunsa panja kuti nanga Play Store. Kulembetsa ndi madola 25, kamodzi kokha. Kwa Apple ndi madola 99 chaka chilichonse, ndiye ganizani kawiri ngati anthu anu a iPhone ndi awiri. Koma Google inaika lamulo kwa maakaunti atsopano a munthu payekha: apu isanatuluke kwa aliyense, iyambe yayesedwa ndi anthu ena kwa masiku 14 otsatizana. Poyamba ankafuna anthu 20, kenaka anatsitsa kufika pa 12. Anyamata ambiri amakakamira pamenepo, mpaka kulipira anthu osawadziwa pa intaneti. Ine ndikuwerenga muno ndikupeza anthu opitirira 30, aliyense ndi foni yosiyana ndi ya mnzake. A wapampando, pempho langa ndi limeneli. Tikhale ndi kope limodzi la mafoni a mamembala, mtundu ndi version basi, ndi katoni imodzi ya mafoni akale imene izikhala kuno. Aliyense amene wapanga kanthu azipatsidwa theka la ola pamsonkhano, tonse titsegule nthawi imodzi, tione pamene pakuphulika. Awiri anga aja ndabwera nawo, ali m'chikwamamu, ndiwasiya.

Za gulu la azakhali, apu ikugwirabe ntchito, chaka chachitatu tsopano. Kope nalonso linabwerera, alembi amawonkhetsa pamanja mwezi uliwonse n'kufananiza ndi foni, ndipo ine ndi amene ndinapempha kuti zitero. Kawiri konse manambala anasiyana. Ulendo woyamba analakwitsa ndi alembi. Wachiwiri ndinali ine, nkhani ya 5,000 ija. Pali vuto limodzi limene mpaka lero landikanika: pafoni ya mayi wina kiyibodi ikatuluka imaphimba batani la Sungani, ndipo tsamba limakana kukwera. Pa mafoni ena onse sizichitika. Mayiwo anapeza okha njira, amatembenuza foni chammbali kenaka n'kuibweza. Amene angandipezere chifukwa chake, chipisi ndi nkhuku zili pa ine.

Tisanapite ku mafunso, tulutsani mafoni. Settings, About phone. Ndani ali ndi Android 9 kapena kutsika? Kwezani dzanja, musachite manyazi. Mmodzi, awiri. Achemwali kumbuyoko, yanuyo ndi 7? Musaigulitse chonde, Loweruka likubwerali tiyambira pa imeneyo.